Kukonza pulawo ndi chotonolera chimanga cha amalume

Seputembala 14, 2024: katundu wafika

Zipangizo za amalume zafika lero kuchokera ku Chongwe pa galimoto ya munthu wina amene amabweretsa tomato ku msika wa Soweto mu Lusaka muno. Ndalipira K300. Zilipo zitatu: pulawo ya ng'ombe, makina otonolera chimanga opukusa ndi dzanja, ndi paipi yayitali yokokera ngolo. Chilala cha chaka chino, chomwe boma la Zambia linalengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chawasiya amalume opanda ndalama yogulira zatsopano. Pafoni anangoti, "Mphwanga, ungowotcherera mvula isanagwe, za kugula usandiuze."

Ambirife owotcherera zitsulo tinaphunzirira ntchitoyi pa mageti, mafelemu a zitseko ndi a mawindo, ngati omwe adzaza m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga. Chitsulo cha geti sichivuta, rodi wamba yowotcherera ya nambala 6013 imagwira ndipo kasitomala amapita. Zipangizo zakale zakumunda n'zina. Makina amodzi amatha kukhala ndi zitsulo za mitundu itatu kapena inayi pansi pa penti imodzi, ndipo rodi yomwe yagwira pano ikhoza kuthyola pafupi pomwepo. N'chifukwa chake lero makina owotcherera sindinawakhudze. Ndangotsuka zonse ndi parafini wa K40 ndi bulashi ya waya kuti ndione zomwe zawonongeka.

Chotonolera chili ndi mng'alu kuchokera pa khutu lomangira bawuti kulowa m'thupi mwake, ndipo wina anawotchererapo kale. Chogwirira chake chopukusira chapindika, chang'aluka pafupi ndi bowo. Mtanda wa pulawo wang'aluka pamene umakhota kutsikira ku khasu, khasulo latha nsonga. Paipi ya ngolo yadukira pa mphete yokolekera tcheni.

Seputembala 21: kuzindikira zitsulo

Magetsi akumabwera maola ochepa, kawirikawiri usiku, chifukwa madzi ku damu ya Kariba, komwe amapangira magetsi, atsika kwambiri. Lero abwera mbandakucha, ndipo zandikomera, pakuti mtundu wa mbaliwali zomwe chitsulo chimatulutsa pa gulayinda umaoneka bwino kukadali kamdima. Padzuwa zonse zimaoneka zachikasu.

Mbaliwali za chitsulo chosadziwika sizikuuzani kanthu mukapanda kukhala ndi choyerekezera. Ndinaika pa benchi zidutswa zomwe ndikuzidziwa: chotsala cha geti, sipulingi ya galimoto, tupa yakale, ndi chibenthu cha dilamu ya mabuleki, yomwe imakhala ya kasiti, chitsulo chothira m'chikombole chitasungunuka. Chilichonse ndinachikhudzitsa pa gulayinda ndi mphamvu yofanana. Cha geti chimatulutsa mbaliwali zazitali, zowongoka, zowala, zongogawanika pang'ono kumapeto. Sipulingi imatulutsa zambiri zophulika tinyenyezi, tupa ndiye imaposa pamenepo. Kasiti amatulutsa zazifupi, zofiira moderako, zothera pafupi ndi disiki. Kusiyanaku kumabwera ndi kaboni: chitsulo cha geti sichifika 0.3 peresenti, sipulingi ili cha m'ma 0.6, kasiti ali pakati pa 2 ndi 4.

Kenako ndinatenga za amalume. Zogwirira za pulawo zinafanana ndi geti. Khasu linafanana ndi sipulingi. Mtanda wa pulawo unagwera pakati, mbaliwali zazitali koma zokhala ndi tinyenyezi tochulukirapo, ndipo zimenezi ndazilemba ndi choko pa mtanda womwewo kuti ndisadzaiwale tsiku lowotcherera. Thupi la chotonolera linafanana ndi dilamu ya mabuleki.

Mbaliwali zokha sindizikhulupirira, makamaka pa kasiti. Ndinaboola kabowo kakang'ono pansi pa mwendo wa chotonolera, posaoneka. Chitsulo wamba chikamabooledwa chimatulutsa tizingwe topotana. Apa panatuluka fumbi lotuwa moderapo, ndipo nditalipaka pachala linasiya chala chakuda chonyezimira. Ndi girafaiti, yemweyo wa mu pensulo. Nditakoleka chidutswa chimodzi pa waya n'kuchigogoda, chinalira mogontha, pomwe khasu linalira kwa nthawi. Mzere wa chikombole chomwe anathiramo chitsulo ukuonekanso kuzungulira thupi lonse. Pamenepo ndinakhutira.

Maginito apa sanathandize zambiri chifukwa amagwira zonsezi. Anangondisonyeza kuti bushi, kamphete komwe shafuti imazunguliramo, yomwe inadetsedwa ndi girisi, ndi ya buronzi. Imeneyo iyenera kuchoka moto usanayandikire.

Chandizunguza ndi chogwirira chopukusira. Mbaliwali zake ndi zazifupi ngati za kasiti, mzere wa chikombole ulipo, koma chapindika. Kasiti wamba sapindika, amangothyoka. Pobooleranso chinatulutsa tizidutswa topiringizika pang'ono, osati fumbi lokha. Ndachiika padera.

Seputembala 28: kukonzekera chotonolera

Amene anawotcherera kale anagwiritsa ntchito rodi wamba. Mzere wake ukadali wathunthu, wokongola ndithu, koma kasiti wang'alukira m'mbali mwake kutalika konse. Ndi mmene zimakhalira. Chitsulo cha rodi chimayamwa kaboni wa kasiti n'kuuma, pozizira chimakoka, ndipo kasiti sadziwa kutamuka. Nditayesa tupa m'mphepete mwa mzerewo, inangoterera osadya kanthu. Malo ouma chotero ayenera kuchoka onse, apo ayi rodi yatsopano ikhala pamwamba pa vuto lakale. Ntchito imeneyi yandidyera madisiki. Ndagula atatu pa K35 iliyonse.

Kupeza pothera mng'alu kunali kofunika kuposa zonse. Maso amanama, mng'alu umapitirira pomwe ukuoneka kuti wathera. Ndinathira parafini pamalopo, n'kudikira alowe, n'kupukuta mpaka pauma, kenako n'kupakapo choko cha kusukulu. Patapita kanthawi parafini wobisala mu mng'alu anatuluka n'kujambula kamzere konyowa pa chokocho. Kamzereko kanapitirira pafupifupi masentimita awiri kuposa pomwe ndinkaona, ndipo kanali ndi kanthambi kena kolowera ku bowo la bawuti. Kumapeto konseko ndinaboola mabowo a mamilimita 5 kuti mng'alu usathamange moto ukafika.

Ndinakumba ngalande ya V motsatira mng'alu, yozungulira pansi, osati yakuthwa, n'kusiya kachitsulo kochepa kuti zidutswa zisasunthe. Gulayinda imapaka girafaiti pamwamba pa ngalande, choncho ndinamalizira ndi tupa mpaka chitsulo chinaoneka choyera.

Marodi a nikelo ndawapeza ku sitolo ina ya zitsulo cha ku Lumumba Road, akugulitsa imodziimodzi. Alipo a mitundu iwiri, a nikelo pafupifupi yekhayekha ndi osakaniza nikelo ndi chitsulo, omwe amalembedwa ENiFe-CI, nikelo wake cha m'ma 55 peresenti. Ndatenga osakanizawo chifukwa ndi olimbirapo, ndipo malowa sadzafunika kubooledwa kapena kudulidwa pa makina. Asanu ndi atatu a mamilimita 2.5 pa K55 iliyonse, K440. Ndi ndalama yowawa. Wogulitsa wina pamsika anandionetsa marodi otchipa opanda chizindikiro chilichonse, akuti ndi a kasiti. Rodi yopanda nambala sindiigula, ngakhale itchipe bwanji.

Okutobala 5: kuwotcherera kasiti

Kasiti safuna kuti magetsi azime ntchito ili pakati, ndiye ndinabwereka jenereta. Yoyamba, ya 2.5 kVA ya neba, inkatsamwa rodi ikangokhudza chitsulo, moto n'kumadukaduka. Ndinakatenga ina yokulirapo kwa mnyamata wina wa m'komboni mwathu momwemu, K150 patsiku, petulo wa K170.

Chotonolera chadya girisi ndi oyilo kwa zaka zambiri, ndipo kasiti amamwa mafuta. Ndinachotsa bushi ndi shafuti, n'kuyatsa malasha a K60 pa mbaula yayikulu, n'kuika thupi lonse pamwamba pa zitsulo ziwiri, ndikulitembenuza kuti litenthe mofanana. Kutenthetsa malo amodzi okha kukhoza kung'alula pena. Utsi wa mafuta unatuluka kwa nthawi yaitali, ndipo m'ngalande munkatuluka timadontho takuda. Ndinadikira utsi uthe, n'kupukutanso ndi bulashi ya waya.

Ngakhale zinali choncho, mzere woyamba unatuluka wa mabowo ngati chisa cha mavu. Mafuta anali akadali mkati. Ndinauchotsa wonse ndi gulayinda, rodi ya K55 n'kupita choncho. Wachiwiri unali ndi timabowo tochepa, ndinauchotsanso. Kuyambira pamenepo chitsulo chinayamba kulandira rodi bwinobwino. Amene mukukonza kasiti wamafuta muwerengere marodi owonjezera, chifukwa mizere yoyambayo ntchito yake n'kutulutsa zonyansa basi.

Makina ndinawaika pa ma ampeya 65 mpaka 70, moto wochepa wongokwanira kusungunula rodi osakumba kasiti. Mzere uliwonse sunapitirire masentimita awiri ndi theka. Ndikangochotsa rodi, mzere ukadali wofiira, ndinkaugogoda msangamsanga ndi mutu wozungulira wa hamala yaing'ono mpaka pamwamba pake padzaze timaenje. Kugogodako kumatambasula nikelo kuti asakoke kasiti akamazizira. Kenako ndinkalumphira mbali ina ya mng'alu, osapitiriza pomwe ndasiyira. Mabowo a kumapeto ndinawatseka pomaliza penipeni.

Cha pakati pa ntchito ndinamva kaphokoso kakang'ono, "thi", kochokera mu chitsulo. Amene anawotchererapo kasiti amakadziwa ndipo mtima umagunda ukakamva. Kamphepo ka masana kanali katayamba kuwomba kuchokera ku geti, mbali imodzi n'kumazizira msanga. Kamng'alu katsopano kanaoneka m'mbali mwa mzere umodzi, kafupi. Ndinatchinga malowo ndi malata, n'kubwezera thupilo pa mbaula kuti litenthenso, n'kukumba kamng'aluko, n'kukawotchereranso. Sikanabwerenso.

Nditamaliza ndinalitenthetsanso lonse pang'ono, n'kulikwirira mu theka la mgolo lodzaza phulusa louma ndi mchenga wouma. Mchenga wachinyezi umaziziritsa msanga, ndiye ndinauyanika dzulo lake.

Okutobala 6

Ndafukula m'mawa, likadali lofunda. Parafini ndi choko sizinaonetse kanthu. Rodi yatsala imodzi.

Komabe khutu limeneli linathyoka chifukwa ndi pomwe pamagwera mphamvu yonse munthu akamapukusa, ndipo lidzapitiriza kuilandira. Ndadula kachitsulo kofewa ka mamilimita 5, ndakakhotetsa kuti kagone bwino kumbuyo kwa khutulo, n'kukamanga ndi mabawuti atatu a M8 odutsa mu kasiti wabwino kutali ndi powotcherera. Chitsulo ndi mabawuti zonse K95. Ena amaona ngati kumanga bawuti n'kusadzidalira pa ntchito yako. Ine ndikuona kuti pa kasiti wakale bawuti ndi yomwe imapatsa mzere wa nikelo moyo wautali.

Okutobala 12: chogwirira chija

Ndapita nacho ku Kalingalinga kwa achikulire ena amene ali ndi mabotolo a gasi wowotcherera. Anachitembenuza, anayang'ana popindika, anakhudzitsa pa gulayinda kamodzi.

"Mwana wanga, uyu ndi kasiti wophikidwa. Anamuphika mu ng'anjo masiku angapo atamuumba, n'chifukwa chake wapindika. Ukamusungunula ndi rodi, kuphika konseko kwatha, abwerera kukhala galasi."

"Ndiye tichite bwanji, achikulire?"

"Burasi. Iye asasungunuke, isungunuke ndi burasi yokha."

Anachiwongola chili chotentha pang'ono, mosamala, anakumba mng'alu n'kuupala mpaka kuwala. Anatenthetsa mpaka kufiira moderako, anaviika rodi ya burasi mu ufa wa fulakisi, wothandiza kuti burasi iyenderere n'kugwira, n'kuikhudzitsa. Poyamba burasi inaundana timibulu, iwo n'kunena kuti chitsulo sichinafike. Atawonjezera moto pang'ono inayenderera yokha n'kulowa mu ngalande monse. Burasi imasungunuka cha m'ma 900 digiri, kasiti amafuna kupitirira 1,100, ndiye pali mpata wogwirira ntchito osawononga chitsulo. Anandilipiritsa K120. Ndikanakhala ndi gasi, mwina ndi thupi lomwe la chotonolera ndikanaliganizira burasi.

Anandichenjezanso za mbale ya mano yomwe imatonola chimanga, yomwe yaguluka dzino limodzi. Dirilo yanga inakana kulowamo, inangolira n'kutentha. Iwo anati kasiti wouma chotero asiyidwe, dzino limodzi silingaletse chimanga kutonoka. Ndaisiya.

Okutobala 19: mtanda wa pulawo

Amalume anaimbanso kunena kuti chaka chino akufuna kumangira ripa ya Magoye pa mtanda womwewu, kuti ang'ambe mizere nthaka ikadali youma, asadikire mvula. Ripa imeneyi inapangidwa kuti izilowa pa mtanda wa pulawo wamba, ungochotsa khasu ndi zinzake. Koma kung'amba nthaka youma ya Okutobala kumakoka mtanda kuposa kulima ponyowa. Nkhaniyi inasintha maganizo anga pa rodi.

Mtandawu, monga ndinalembera ndi choko, uli ndi kaboni wochulukirapo kuposa geti. Chitsulo chotere chikawotchereredwa chozizira chimauma m'mbali mwa mzere, ndipo mng'alu umatha kubwera mawa lake kapena ng'ombe zikangokoka. Ndinagula kilo imodzi ya marodi a 7018, oyenerana ndi chitsulo chotere, a mamilimita 3.2, K130. Vuto ndi loti amagulitsa kuchokera mu bokosi lotsegula kale, ndipo 7018 imayamwa chinyezi cha mumpweya. Nditayesa pa chidutswa china, poyambira mzere panatuluka timabowo. Uvuni yeniyeni yowumitsira marodi ndilibe. Ndinawaika mu paipi yotseka mbali imodzi pamwamba pa mbaula kwa maola awiri, n'kumatenga imodziimodzi ikadali yotentha. Sizifanana ndi uvuni, koma timabowo tinasiya.

Ndinakumba V mbali zonse ziwiri mpaka mng'alu kutheratu. Kuti ndidziwe kutentha popanda choyezera, ndinagwiritsa ntchito soda ya okonza mawailesi, kachitsulo kofewa komatira mawaya, ya 60/40, yomwe imasungunuka cha m'ma 190 digiri. Ndinatenthetsa mtanda pa malasha, ndikukhudzitsa sodayo masentimita angapo kuchokera pa ngalande. Itayamba kusungunuka ndinadziwa kuti ndayandikira 200, ndinapukuta pomwe inakhudza n'kuyamba. Ma ampeya 120, rodi ku pozitivi, moto waufupi kwambiri, mzere mbali iyi kenako mbali inayo kuti mtanda usakhote. Silagi ya 7018, chikhungwa chotsala pamwamba pa mzere, imamatirira, ndipo iyenera kuchoka yonse mzere wina usanapitepo.

Pamwamba pake ndinaikapo zigamba mbali zonse ziwiri, zosongoka kumapeto, n'kuziwotcherera motsatira utali wa mtanda. Mzere wodutsa mopingasa pa mtanda umapanga malo atsopano othyokera, choncho nsonga za zigambazo ndinazisiya zosawotcherera.

Mnyamata amene amandithandiza anabwera ndi chidebe cha madzi kuti aziziritse, monga amachitira pa mageti kasitomala akamafulumira. Ndinamugwira dzanja asanathire. Pa geti madzi sawononga zambiri, koma pa mtanda uwu akanaumitsa malo onse otentha. Unalowa mu phulusa lomwe lija mpaka m'mawa.

Okutobala 24: khasu ndi paipi ya ngolo

Lero ndi holide ya zaka 60 za ufulu, ndipo magetsi akhalako masana, ndiye ndamaliza zing'onozing'ono.

Amalume ankafuna ndiwotcherere chidutswa cha sipulingi pa nsonga ya khasu. Zimatheka, alimi ambiri amatero. Koma khasuli lapyapyala thupi lonse, osati nsonga yokha, ndipo mabowo a mabawuti akula. Latsopano ndalipeza pa K220. Ndinawaimbira. "Amalume, ili lakale likuphetsani ng'ombe ndi kukoka, silidulanso nthaka." Anadandaula pang'ono, kenako anavomera. Lakalelo ndaliika nsonga ya sipulingi ndi 7018 zotsala, nditatenthetsa zonse ziwiri, kuti likhale lapadera tsiku lina latsopanolo likadzagunda chitsa.

Paipi ya ngolo ndi chitsulo chofewa, 6013 yomwe ndinali nayo kale inakwana. Chovuta chake ndi choti ndi paipi ya madzi yokutidwa ndi zinki. Zinki akapsa amatulutsa utsi woyera umene umabweretsa litsipa, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi usiku wake. Anyamata ambiri amati ukamwa mkaka palibe vuto. Mkaka umapita m'mimba, utsi umapita m'mapapo. Ndinapala zinki yense masentimita asanu mbali zonse, ndinagwirira ntchito panja mphepo ikuchokera kumbuyo kwanga, n'kulowetsa kapaipi kena mkati kuti polumikizira pakhale pochindikala. Mphete ya tcheni inabwerera pamalo pake.

Novembala 2: kuyesa

Ndabwezera bushi ndi shafuti, ndamangira chotonolera pa thabwa, ndipo mayi wina woyandikana nafe anandipatsa zitsononkho za chimanga chouma zodzaza beseni. Zonse zatonoka. Pamalo pa dzino loguluka pamatsalira njere ziwiri zitatu pa chitsononkho, zochotsa ndi chala. Nditamaliza ndinapakanso parafini ndi choko pa khutu lija ndi pa burasi, palibe chaoneka.

Mtanda wa pulawo kuno ndilibe ng'ombe zouyesera. Ndaukhazika pa zipika ziwiri n'kuumenya ndi hamala yayikulu pafupi ndi zigamba, ukulira bwino, choko sichinaonetse mng'alu. Mayeso enieni akachitikira ku Chongwe. Ndawauza amalume kuti akamaliza tsiku loyamba ndi ripa apukute malowo ndi kuyang'ana m'mphepete mwa zigamba, ndipo akaona kamzere kalikonse asapitirize, andiimbire.

Ndalama zonse mpaka pano ndi K1,830, galimoto yobwerera sinalowemo. Zomwe zadya ndalama kuposa zina ndi marodi a nikelo ndi jenereta pamodzi ndi petulo wake. Chatsala ndi gudumu la pulawo, lomwe likugwedera pa ekiselo yake. Mbaliwali zake ndi za kasiti, ndipo bowo lakula mbali imodzi. Limeneli sindiliwotcherera, ndilitengera kwa munthu wa makina a lefu, osemera zitsulo mozungulira, sabata ino kuti alikonze bowo n'kuikamo bushi, katunduyo anyamuke Loweruka.